Chimene chinagona m'chulu cha Dailesi

Ku Nkaya, kumene njanji imagawikana ina kuloza ku Nayuchi ina ku Balaka, mukafunsa za a Japhet palibe angakufunseni kuti a Japhet ake ati. Amangokulozerani ndi mlomo: a Japhet a mbewa, kuseri kwa milambe uko. Eni ake dzinalo ankadana nalo. Ankati wokumba mbewa ndi aliyense amene ali ndi khasu ndi nkhuli, koma iwo ntchito yawo inali yodziwa tulo ta zinyama. Ankadzitama ndithu mkulu ameneyu, koma pamenepa sankanama.

Agogo awo anachokera ku Mozambiki wapansi, atasenza mphasa ndi mbewu ya nandolo. Bambo awo, Mlomwe wosalankhulalankhula, sanawasiyire ng'ombe kapena njinga. Anawaphunzitsa kuyang'ana pansi, basi.

Chisanu chikafika, Juni ndi Julayi, mphepo ikamang'amba milomo, tchire la ku Nkaya limaoneka ngati lafa. A Japhet ankati silinafe, lagona. Kapuku, kambewa konona kaja, kamadya nthawi yokolola mpaka khosi kusowa, kenaka kamalowa pansi, kutseka una ndi dothi kuchokera m'kati, n'kudzipinda pa kaudzu kake. Ukakafukula umakapeza kozizira, kosathawa n'komwe, kakungophethira ngati kakufunsa kuti kwacha kale. Inu mungadutse pamenepo kakhumi osaona kanthu. A Japhet ankaona kadothi kosiyana mtundu ndi dothi linzake, n'kugwada. Kamba ankamudziwa ndi masamba ounjikana pansi pa chitsamba mosiyana ndi mmene mphepo imaunjikira. Ng'azi ankaidziwa ndi zokanda za zikhadabo pakhomo pa mphako. Nanga njoka? Una wa njoka umasalala pakamwa ngati pansi pozira, kangaude satchingapo ukonde wake, ndipo cha kum'mawa kwake pamakhala kaudzu kogona pamene mwini wake amaothera dzuwa.

Mipani ya mbewa ankagulitsa pa siteshoni sitima ya anthu ikaima, ndipo ndi mbewa zomwezo analera ana asanu. Mnzawo a Twalibu, Msilamu wokonza njinga, akaona mpani ankatembenuza nkhope n'kulavula, amvekere, "Haramu, a Japhet, haramu!" Koma tsiku limene ankafuna kugumula chulu kuseri kwa nyumba yawo, a Twalibu omwewo ndi amene anabwera m'mamawa atavula chisoti kudzawatenga. Mudzi wonse unkatero. Munthu sankayamba kukumba chulu kapena kugwetsa mtengo wa mphako a Japhet asanauzungulire n'kunena mawu awo. Lamulo la bambo awo linali limodzi lokha, ndipo ankalibwereza kwa aliyense mpaka anthu kutopa nalo: dzanja sililowa kumene maso sanalole.

Ndiye taonani zimene ukalamba umachita. Ng'ala inayamba diso la kumanzere, ngati kautsi ka nkhuni zaziwisi. Chaka chinacho inalowa la kumanja. Anthu anasanduka zithunzithunzi, ndipo a Japhet anayamba kuwapatsa moni powadziwira mawu. Anasiya kukumba, akuti msana. Sanauze munthu, ngakhale mmodzi. Ine nkhani imeneyi ikafika apa imandipsetsa mtima mpaka lero. Nkhalamba yokanika! Matenda amene anzawo amakachotsetsa kuchipatala n'kubwerako akuwerenga, iwo anawakhalira ngati nkhuku pa mazira, kuopa kuti anthu angasiye kuwaitana.

Mzime wawo anali Dailesi. Mwamuna wake anapita ku Joni zaka zinayi zapitazo, ndipo foni yake inasiya kulira chaka chachiwiri. Mvula ya m'Malichi inagwetsa khoma la nyumba yake, moti iye ndi ana atatu ankagona m'khitchini pamodzi ndi nkhuku. Dailesi si munthu wokhala manja ali m'khosi. Anabwereka chikombole, nati aumba yekha njerwa. Dothi labwino linalipo: chulu chachikulu kumapeto kwa munda wake, pafupi ndi njanji, chimene pamwamba pake panamera mtengo wa bwemba.

Lachinayi masana anawatenga bambo ake kuti akachione. Kunali amayi anayi a kutchalitchi amene analonjeza kumuthandiza kutunga madzi, ndipo onse anaima chapatali mwaulemu kudikira. A Japhet anazungulira chulu pang'onopang'ono manja ali kumbuyo. Anatsokomola. Anagwada, nasuzumira, naona chifunga chokhachokha. Amayi aja ankangoyang'ana katswiri akugwira ntchito yake. A Japhet anadzuka, nasasa mawondo.

"Mulibe kanthu umu. Kumba, mwanawe."

"A Japhet akanena, anena," anatero mayi wina, anzake n'kuvomereza.

Dailesi anati ayamba mawa lake, ana akangopita kusukulu.

Lachisanu kunacha kozizira koopsa, ndipo a Japhet anadzuka mawu awo omwe ali pakhosi ngati fupa la nsomba. Ankadziwa mmene mkazi amakumbira chulu. Amatema ndi khasu, kenaka amawerama nkhope kufupi ndi dothi, n'kumakokolola zibuma ndi manja. Khasu likaboola chipinda cha chinthu chogona, chinthucho sichifunsa kuti ndani. Chimadzuka n'kumenya chimene chili pafupi, ndipo chimene chili pafupi chimakhala nkhope. Anaona Dailesi atagona chagada m'munda, adzukulu awo akubwera kusukulu. Anachita mantha amene anali asanawachitepo chibadwire.

Njira zinalipo ziwiri zophweka. Akanapita kwa Dailesi n'kunena kuti, mwananga, dzulo sindinaone kanthu. Kapena akanasonkha moto pa una n'kufukiza, chilichonse cha m'katimo chituluke. Koma utsi umaonekera kutali, ndipo anthu akanafunsa kuti a Japhet akufukiza bwanji chulu chimene anati mulibe kanthu. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Iwo amene anafukula mbewa zoterozo zosawerengeka, mwambiwo ankauyesa wa anthu ena. Anavala jekete lawo long'ambika, natuluka mwakachetechete, nati akachiwerenga chulucho ndi zala, Dailesi asanafike.

Njira mapazi ankaidziwa okha. Atafika anakwawa mbali ya kumadzulo, kumene kunali mthunzi ndi mame, napapasa mpaka anapeza una. Analowetsa kamtengo, koma unawo unali wokhota, kamtengo kanangogunda khoma. Anapapasa pakamwa pa una kuti amve ngati n'posalala. Zala zinali zitauma ndi chisanu, sizinamve kanthu. Analowetsa pang'ono, kuti mwina m'kati muli kofunda zala zitsitsimuka. Kenaka pang'ono pena. Chigongono chinalowa. Anagona chafufumimba, tsaya pa dothi, phewa litatseka una. Munthu wa lamulo uja!

Kumapetoko zala zinamva. Pansi panali posalala ngati mbale yotsuka.

Asanaganize n'komwe zobweza dzanja, chinthu chinasuntha. Chozizira, chouma, cholemera. Chinakwera pa zala, chinadutsa kuseri kwa chikhatho, chinafika pa mkono, n'kukhazikika pomwepo ngati chapeza malo ake.

Mpweya unawathawa. Mtima unkagunda m'makutu, ndipo ankaopa kuti kugundako kukumveka mpaka ku zala. Koma mutu wa mlenje suleka ntchito. Nsato ikanakhala yonenepa kuposa apa. Mphiri ili ndi mamba okhakhala. Ichi chinali chosalala, kukula kwake ngati mpini wa khasu, ndipo chinkangobwerabe osatha. Mbobo. Ku Nkaya munthu wolumidwa ndi mbobo samufunira galimoto, amamufunira abale.

Ankadziwanso chifukwa chake sinawalume. Njoka ya m'chisanu imakhala ngati yoledzera ndi tulo, ndipo chimene imafuna ndi kofunda. Kofundako lero anali iwo. Akakoka dzanja, idzidzimuka. Akakhala chete, mwina dzuwa likawomba una wa kum'mawa imva kutentha n'kupita kukaothera. Mwinanso itsatira kufunda kwa mkono, n'kudzatulukira pomwe panali khosi lawo. Anayesa kupemphera, mawu n'kumasokonekera, Chichewa ndi Chilomwe cha amayi awo chimene ankayesa kuti anaiwala kale.

Kenaka dothi linayamba kunjenjemera pansi pa tsaya lawo. Sitima ya malasha! Inu mukuidziwa sitima imeneyi, mabogi ake satha, munthu ungakazinge chimanga isanamalize kudutsa. Chulu chonse chinkagwedezeka, timiyala tikugwera m'kati. Chinthu chija chinalimba pa mkono. Anamva mutu wake ukudzuka, ndi kalilime kakuwakhudza m'kati mwa chigongono, kamodzi, kawiri. Mkodzo unatuluka wokha, wofunda, ndipo analibe n'komwe mpata wochita manyazi. Anangotseka maso opanda ntchitowo n'kumawerenga kugunda kwa mabogi. Sitima itapita, njoka inagonanso, koma tsopano inali itakwera kupitirira chigongono.

Patapita nthawi anamva ndowa ikulira pa khasu, ndi munthu akung'ung'udza kanyimbo. Dailesi.

"Ababa! Mayo ine, mwagwa?"

Ndowa inagwa pansi, phokoso lake linawalasa mpaka m'mafupa.

"Ima pomwepo," anatero a Japhet mano ali okukuta, milomo yokha ikusuntha. "Usathamange. Usaponde mwamphamvu. Khasulo uike pansi ngati ukugoneka mwana."

"Chachitika n'chiyani?"

"Muli chinthu umu. Chagona pa mkono wanga."

Mawu a Dailesi anabwera aang'ono. "Si dzulo munati mulibe kanthu?"

"Ndinanama." Liwu limeneli linali lolemera kuposa njoka. "Sindiona, mwanawe. Maso anatha kalekale. Dzulo ndinangoona utsi."

"Ndikaitane anthu. Ndikaitane a Twalibu."

"Iyayi! Abwera ndi phokoso, ndi makasu, ndi moto, andipha ndi chifundo chawo. Tamvera. Uzungulire patali, upite mbali yotulukira dzuwa. Uime mapazi khumi kuchokera pa chulu, osayandikira. Undiuze zimene ukuona."

Anamva mapazi akuzungulira, udzu wouma ukuswa pang'onopang'ono.

"Pali una," anatero Dailesi. "Pansi pa muzu wa bwemba."

"Pakamwa pake pali bwanji? Kangaude watchingapo?"

"Iyayi. Pali mbee, posalala, ngati pozira."

"Udzu wa pafupi?"

"Wagona. Ngati panakhala munthu." Kenaka anawonjezera, "Ababa, pa muzupo pakulendewera chinthu choyera ngati pulasitiki. Chachitali. Chachitali kuposa ine."

"Ndi khungu limene inafundula."

"Zonsezi zinalipo dzulo?"

"Zinalipo."

"Ine ndimati ndiyambire pomwepa," anatero Dailesi, mawu akuduka. "Poti dothi lake likuoneka lofewa."

Misozi ya a Japhet inatsika n'kunyowetsa dothi limene tsaya lawo linagonapo. Chizindikiro chilichonse chimene anaphunzitsa anthu zaka makumi anayi chinali pamenepo, poyera, moti ngakhale mlendo akanachiona atangouzidwa poyang'ana.

"Dzuwa lafika pa unawo?"

"Silinafike. Mthunzi wa chitsamba watchinga. Patsala ngati chikhatho chimodzi."

"Tidikira. Uzindiuza."

Chikhatho chimodzi cha mthunzi! Simungadziwe kutalika kwake mpaka mutachidikira mkono uli m'chulu. Phewa linachita dzanzi, dzanzilo linakwera m'khosi. Nyerere inalowa m'khutu, iwo osaigwedezera mutu. Chifuwa chawo cha m'mamawa chija chinabwera kudzapempha kutsokomola, ndipo anachimeza mpaka maso kutuluka misozi ina. Dailesi ankanong'ona, "Zala zitatu." Patapita nthawi, "Ziwiri." Kunjira kunadutsa munthu pa njinga akuliza belu, osadziwa kanthu.

"Lafika, ababa. Lalowa m'kati."

Palibe chinachitika. Kenaka kulemera kuja kunasuntha, ndipo mtima wa a Japhet unaima, chifukwa kunasunthira kwa iwo. Mutu unakwera mkono mpaka kufupi ndi m'khwapa, kumene jekete linakwinyika n'kutseka una. Unafufuza pamenepo, ukukankha nsalu. Anaumva ndi khungu lawo. Anatsanzika m'mtima. Mutuwo unakankhanso, unalephera, n'kutembenuka pang'onopang'ono. Thupi lonse linayamba kutsetsereka pa mkono kubwerera m'kati, likungopita, likungopita, ngati chingwe cha pachitsime.

"Ababa." Mawu a Dailesi anali mpweya wokhawokha. "Mutu watuluka."

"Usasunthe. Usaloze."

"Yotuwa. Ikutulukabe. Ababa, yadzutsa mutu. Ikundiyang'ana."

Apa ndi pamene mantha enieni anawagwira, oposa onse aja. Amene anamuimika pamenepo anali iwo. Mapazi khumi kwa mbobo yofunda si mtunda. Ankafuna kukuwa kuti thawa, ankafuna kuigwira mchira umene unali udakali pa zala zawo kuti itembenukire kwa iwo, ndipo ankadziwa kuti zonse ziwirizo zikanamuphetsa mwanayo. Anakakamiza mawu kuti atuluke ofatsa, ngati akumuuza zokatenga mchere.

"Usaiyang'ane m'maso. Yang'ana pansi pafupi nayo. Ubwerere cham'mbuyo, phazi limodzi, n'kuima. Kenaka linalo. Siikufuna iwe, ikufuna dzuwa."

"Miyendo ikukana."

"Iuze. Phazi limodzi, mayi wanga. Limodzi lokha."

Anamva udzu ukuswa kamodzi. Chete. Kenanso. Chete. Mchira unadutsa pa chala chapakati, unakhudza chikhadabo, n'kuchoka.

"Yagona pa udzu paja," anatero Dailesi, tsopano mawu akuchokera patali. "Yonse yatuluka."

Mkono sunkamva kanthu. Anachita kuukoka ndi dzanja linalo ngati akusolola chikuni, pang'onopang'ono, kenaka anakwawa cham'mbuyo ndi mawondo mpaka anamva njira youma pansi pawo. Anaimirira, nagwa, naimiriranso. Anayenda mpaka pamene fungo la bwemba linatha.

Dailesi anazungulira kumunsi kwa munda kudzakumana nawo. M'njiramo mantha ake anali atasanduka ukali, ndipo mawu anali atawakonza kale. Akanawafunsa ngati dzina lawo linali lofunika kuposa ana ake atatu. Akanawafunsa kuti pamaliro ake akanawauza chiyani anthu. Anafika chakumanzere kwawo, mapazi ake osamveka pa mchenga.

A Japhet anali atayamba kale kulankhula. Anaima mowongoka, thalauzi lonyowa, theka la nkhope lili dothi lokhalokha, manja atawagwira pamodzi ngati munthu wa pa mlandu. Ankalankhula ndi chitsa. Chinali chitsa cha mtengo umene anadula ootcha makala, chakuda, chotalika ngati munthu, mapazi asanu kutsogolo kwawo.

"Usandiyankhe msanga, mwanawe, ndikuona kuti wakwiya," ankatero kwa chitsacho. "Uli ndi chifukwa. Ndinaopa kusekedwa, ndipo ndinatsala pang'ono kukupereka. Ine bambo ako. Ukandikana, sindikudandaula. Koma undimve kaye."

Dailesi anayang'ana bambo ake, nayang'ana chitsa. Anagwira pakamwa ndi nsonga ya chitenje kuti kulira kusamveke. Kenaka ananyamula mapazi mwakachetechete, nazungulira kumbuyo kwawo patali, nakaima pafupi ndi chitsacho, pomwe maso awo analoza.

"Ndili pano, ababa," anatero. "Ndikumva. Nenani."